Mzere Wotsiriza pa Mwala wa Amayi Ako

9 Malichi

Kafumbi mwana wanga,

Landira moni wa bambo ako, upatsireko mpongozi wanga ndi kamdzukulu kaja kamene ndimangokamvera mbiri. Kuno tadzuka, kupatula chifuwa changa chimene ukuchidziwa kale. Akulemba ndi a Telala, monga mwa nthawi zonse. Ndawauza kuti alembe mawu mmene akutulukira m'kamwa mwanga, asawasokerere mphonje ngati diresi laukwati.

Foni ndaikana dala. Mawu a pafoni ndi utsi, mawa munthu amawakana. Nkhani iyi ikufuna pepala.

Zaka zinayi zapitazo, pamene ndinkasema mwala wa pamanda a amayi ako, unandibweretsera mzere wa zilembo ndi manambala. Unati ndi adiresi ya pa intaneti, ndipo aliyense woilemba m'foni mwake afika pa tsamba la amayi ako, aona zithunzi zawo, amvanso mawu aja unawajambula akusesa pakhonde. Ndinakufunsa katatu ngati adiresiyo sidzasamuka, pakuti mwala si bolodi ya choko. Katatu konse unati sidzasamuka. Ndinaizokota m'munsi mwa dzina lawo.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana ine ndi a Telala timapita kumanda. Iwo amalemba mzerewo m'foni mwawo n'kundigunditsa kukhutu lakumanja, lija likadamvako. Tsache limayamba, kenako amayi ako amati: "Bambo a Kafumbi, kung'unthani malayawo panja, nyumba ino si manda." Akatero amaseka, tsache n'kupitiriza. Zonse sizikwana ndi mphindi ziwiri zomwe, koma zimandifikitsa Lamlungu linalo.

Dzulo tinapita. M'malo mwa tsache munatuluka nyimbo ya malipenga. Pagalasi panali mtsikana wa mano oyera atanyamula maluwa. A Telala anawerenga kuti akutiitana tilembetse okondedwa athu pa mtengo wotsika. Tinalembanso kachiwiri, kachitatu, ine ndikuloza chilembo chimodzichimodzi ndi chala. Mtsikana yemweyo.

Amayi ako mwawaika kuti? Ndiyankhe msanga. Kalata upatse dalaivala wa lole yobweretsa miyala, amadutsa kwanuko kawiri pamwezi.

Ndine bambo ako.

2 Epulo

Kafumbi,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi ako anandiphunzitsa kuti kalata siyamba ndi ndewu. Lole yabwera kawiri. Yatsitsa miyala isanu ndi umodzi, kalata ayi.

Mwina waiwala kuti si amayi ako okha. Anthu ataona mzere uja anachita nawo kaso, ndipo mabanja makumi atatu ndi limodzi anandipeza ku shedi. Ndi ine amene ndinawalozera ku kampani yanuyo. Ndi ine amene ndinazokota mizere yawo. Iwo kampani saidziwa nkhope. Amadziwa ine.

Lachitatu kunabwera mkazi wa malemu Wometa, uja ankakumeta uli mwana iwe ukulira. Sanakhale pansi, mpando anaukana. Pa shedi panali anthu awiri odzasankha mwala. Anati anatenga ana ake kukaona bambo awo, ndiye mwala wawasonyeza sitolo. Anati mwamuna wake anameta anthu zaka makumi atatu, lero wasanduka chikwangwani cha malonda. Zimenezo ndinapirira. Koma potuluka anatembenuka n'kunena kuti: "Vuto lake a Mmisiri, munazokota chinthu chimene simutha ndi kuchiwerenga komwe."

Anthu awiri aja anayang'ana pansi, ndipo sanabwerenso.

Inde, sukulu sindinaiponde. Koma zilembo ndazigwira ndi manja zaka makumi anayi ndi zitatu, pamene aphunzitsi amangozipaka ndi choko n'kufufuta. Chilichonse ndinachipatsa dzina langa: njoka, mpando, mbedza, dzira, ndi kamtengo kopendekeka kaja kadzadza m'mizere yanuyi. Munthu akandidulira katoni, sindiphonya ngakhale kadontho. Palibe mwala wanga umene unanamapo. Woyamba kunama ndi wa mkazi wanga, ndipo bodzalo unandipatsa ndiwe.

A Telala akuti pano aika cholembera pansi. Ndawauza kuti akatero ndipita kwa kalaliki wa kumsika, nkhani ya m'nyumba imveke ponseponse. Atolanso. Lembani: usaponde pakhomo pano mpaka mzere wa pamwala wa amayi ako utayankhula. Ngakhale umve kuti ndagona, usabwere. Umandidziwa, chimene ndazokota sindifufuta.

Bambo ako.

21 Epulo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani mukupezako bwino. Ife tili bwino, mwana wayamba kuyenda chogwira mipando. Makalata anu onse awiri ndawalandira tsiku limodzi, anagonera kudepoti. Yachiwiriyo ndaiwerenga kamodzi kokha, sindinathe kuibwereza.

Palibe amene wagulitsa malo a munthu, Bambo. Kumayambiriro kwa Malichi kampani inasiya pulogalamu yakale imene inkayendetsa masamba aja n'kuika yatsopano. Yakale inkatchula tsamba lililonse ndi nambala, yatsopano imatchula ndi dzina la malemu. Masamba a anthu aja alipo, angosamukira ku maadiresi ena.

Zili ngati a Telala atasamutsa shopu yawo. Pachitseko chakale amayenera kusiya kapepala konena kumene apita. Ifenso timatero: adiresi yakale iliyonse timailozera ku yatsopano yake, kuti wogogoda pakhomo lakale apezeke ali m'nyumba yatsopano osadziwa n'komwe. Koma amene anapatsidwa ntchitoyi anachita chidule. Zitseko zonse zakale anazilozera malo amodzi, tsamba loyamba la kampani, paja pali mtsikana wa maluwa. Ine ndinali m'gulu loona ngati zonse zili bwino. Tinayesa maadiresi atsopano okha. Palibe amene anakumbuka kuti akale ena ali pamiyala. Ine ndiye ndinayenera kukumbuka.

Choipa china n'chakuti mndandanda wosonyeza kuti nambala iyi ndi ya malemu uje unatsala mu kompyuta yakale, ndipo sitinautenge. Malo okha kumene dzina ndi nambala zili pamodzi ndi pamiyala yanu.

Njira zilipo ziwiri. Yachangu ndi yoti tikutumizireni timalata tolembedwa maadiresi atsopano, mumate pamwamba pa mizere yakale. Ina ndi yoti a Telala ajambule mwala uliwonse ndi foni, dzina ndi mzere zioneke, ine ndilozere umodziumodzi.

Za amayi ndikuzitsata padera.

Ndatumiza mankhwala a chifuwa ndi zophimba kumphuno. Chonde muzivala posema.

Mwana wanu,
Kafumbi.

29 Meyi

Kafumbi,

Moni. Mwana akayamba kuyenda chotsani mipeni pansi.

Timalata tako usatumize. Chigamba ndi ntchito ya a Telala, ndipo ngakhale iwo samata chigamba pankhope. Zojambulanso zakanika. Miyendo ya a Telala yatupa ngati mitsamiro, manda ndi anayi, ena kuseri kwa njanji, ena kumtunda kopitirira fakitale ya njerwa. Tinayesa mwala umodzi wapafupi. Mwala wakuda wopukutidwa bwino uli ngati kalilole, pachithunzipo panatuluka mimba ya a Telala ndi foni yawo, zilembo osaoneka.

Ndiye ndachita mwa ine ndekha. Ndinatenga mapepala aja a Telala amadulira masitayilo, ndi makala ofewa. Pepala umaligoneka pamwala, bondo limodzi kupondereza, n'kumapaka makala pang'onopang'ono mpaka lonse lide. Pamene tchizulo inadya pamatsala poyera. Kuwerenga sikufunika pamenepo. Mwala umadzilemba wokha.

Zanditengera milungu isanu. Mndandanda wanu unatayika, wanga uli m'mutu. Ndikudziwa kuti mwana wa mkulu wa mpingo ali pansi pa mtengo wopsa ndi mphezi, ndi kuti msilikali uja mwala wake uli ndi mtsempha woyera pakona, umene unandithyolera tchizulo ziwiri. Wa mzimayi wogulitsa nsapato ndinaupeza utagwa chafufumimba. Ine ndi wokumba manda tinaudzutsa ndi mgwala, ndipo pambuyo pake ndinakhala pansi nthawi yaitali, mpweya ukukana kulowa. Wokumba manda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinamuuza kuti asiye kundiyeza ndi maso, tepi yake aisunge kaye.

Kumanda a kunjanji anandithamangitsa tsiku loyamba, ati nkhalamba yopaka makala pamanda a eni ili ndi zolinga. Ndinawaonetsa chizindikiro changa kuseri kwa mwala, kanyundo kaja ndimazokota pansi. Anapepesa.

Mapepala ndi makumi atatu ndi awiri. Ndawakulunga m'paipi ya pulasitiki kuti asanyowe. Usawagwire pakati, makala amachoka. La amayi ako lili pamwamba. Uyambe limenelo.

Zophimba zako ndapatsa a Telala, akuti zikhala bwino pa mapewa a jekete.

Bambo ako.

18 Juni

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi a Telala. Paipi yafika bwino. Mapepala ndinawayala pansi mu ofesi, ndipo anzanga anasiya ntchito n'kuzungulira. Abwana anafunsa kuti ndi makina anji ajambula zimenezi. Ndinati ndi bambo anga.

Mizere makumi atatu ndi umodzi ndailozera, uliwonse kwa mwini wake, ndipo ndaiyesa kawiri. Mukhoza kuwauza mabanja aja. Wa amayi ndauchotsa kwa mtsikana wa maluwa. Ukufuna kanthawi.

Chifuwa chili bwanji? Simunanene.

Kafumbi.

6 Julayi

Kafumbi,

Moni. Kalata yako inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi, koma ntchito yaoneka. Ndinayenda khomo ndi khomo. Mkazi wa Wometa ndinamutengera ndekha kumanda, mwana wake wamkulu n'kulemba mzere. Panatuluka Wometa ali ndi lumo m'manja. Mayiyo analira, kenako anati mawu aja anawayankhula ndi mkwiyo. Ndinamuuza kuti kuwerenga sindikuthabe, asadandaule.

Tsono Lamlungu tinapita kwa amayi ako. Malipenga kulibe, zikomo. Koma pagalasi pangoti mbee, ndi timawu tiwiri pakati. A Telala anazengereza, kenako anati akuti sanapezeke. Ndinati auzeni kuti mkazi wanga sanasowe, ndikudziwa pamene ndinamuika.

Ndaganiza, ndipo ndaona chimene ukuchita. Pepala limene ndinaika pamwamba ndi limene waika pansi. Anthu a eni makumi atatu ndi mmodzi unawatha m'milungu iwiri, amayi ako okubala akufuna kanthawi? Ukundikhaulitsa. Ukufuna ndiyambe ndabweza mawu aja ndinakuletsa pakhomo, ndiye uwamasule. Kapena ukadali ndi chija ndinanena pa ukwati wako, kuti ntchito yongodina mabatani si ntchito. Ngati ndi chimenecho, ndaona tsopano kuti ndi ntchito, pakuti ikalakwika anthu amalira. Ndanena. Koma usagwire amayi ako chikole pa mlandu wa ine ndi iwe.

Malamlungu akwana khumi ndi asanu ndi atatu. Mawu aja ndikuwadziwa onse, koma kaseko kaja kayamba kundithawa. Ndikakafuna m'mutu, kamabwera ka mlongo wako.

Bambo ako.

Mwana wa mnzanga, apa ndi ine Telala, ndalemba iwo atapita kukatsuka m'manja. Sindidzawawerengera. Chiyambire ulendo wa kumanda uja akutsokomola magazi, nsanza amabisa m'thumba la simenti. Mlongo wako anawatengera kuchipatala mokakamiza, ndipo adokotala anati fumbi la miyala ladzadza m'mapapo, palibe chochapa. Nyundo yaikulu sakuinyamulanso. Ngati wagwira chinthu, chimasule. Ngati pali china, nena. Ine ndasoka zovala zambiri, ndimadziwa nsalu ikamabisa pong'ambika.

30 Julayi

Bambo,

Moni. Kalata iyi ndailemba kanayi. A Telala, chonde muwerenge yonse, musadumphe.

Sindikukukhaulitsani. Mawu a amayi kulibe. Anafufutika.

Tsamba la amayi linali loyamba pa onse. Nthawi imeneyo kampani inali isanayambe ntchito ya masamba a malemu. Ndinalipanga ndekha pa nthawi yopuma, pakona ya kompyuta yakale pamene tinkayeserapo zinthu, kuti ndiwaonetse abwana kuti zingatheke. Anazikonda, ntchito n'kuyamba. Mabanja enawo analembedwa m'kaundula wa makasitomala. Amayi sindinawalembetse. Ndinkati ndichita mawa, ndipo poti tsamba linkatseguka bwinobwino, mawa lake linatha zaka zinayi.

Posamuka anatenga za m'kaundula zokha. Za pakona paja anaziona ngati zinyalala zoyesera. Kompyuta yakale anaipukuta pa 6 Malichi n'kuibweza kwa eni ake. Pamene munkalemba kalata yoyamba n'kuti zitatha kale.

Ndinazindikira tsiku limene ndinalandira makalata anu. Ndinapita kwa eni kompyuta ija, anati inalembedwa kale zinthu za anthu ena. Foni imene ndinajambulira inabedwa m'basi chaka chimene amayi anamwalira, ndipo sindinadandaule kwambiri, poti ndinkati mawu ali pa tsamba. Ndafunsa mlongo wanga, ndafunsa azakhali, ndafunsa aliyense amene anatsegulapo tsambalo ngati anasunga. Onse ankangomvera pomwepo, monga inu.

Ntchito yanga ndi kulozera, Bambo, koma kulozera kumafuna kuti kukhale kolozerako. Pamene ndinkakupemphani zithunzi za miyala ndinkadziwa kale zimenezi. Ndinkafunadi kukonza za anthu aja, koma ndinkagulanso masiku. Sindinadziwe kuti muyenda manda anayi wapansi ndi chifuwa chimenecho. Pepala la amayi lili pakhoma kunyumba kwanga, pali chidindo cha bondo lanu pakona.

Zithunzi zisanu ndazipeza kwa achibale. Ndingathe kupanga tsamba latsopano n'kulozera mzere uja kumeneko, koma lidzakhala lopanda mawu. Mundiuze ngati mukufuna.

Munati ndisaponde pakhomo mpaka mzere utayankhula. Sudzayankhulanso. Ndikudziwa kuti simubweza mawu, ndipo sindikupempha kuti muyambire pa ine. Ndingopempha kuti mulole mpongozi wanu abwere ndi mwana, mumuone. Ine ndidzatsala kudepoti.

Mwana wanu,
Kafumbi.

8 Seputembala

Kafumbi mwana wanga,

Moni kwa iwe, kwa mpongozi wanga ndi kwa woyenda chogwira mipando. Ndachedwa kuyankha. Milungu iwiri yoyamba sindinafune kumva dzina lako. A Telala ankabwera ndi cholembera m'thumba, ine n'kumawafunsa za ulusi.

Kalata yako anandiwerengera kawiri. Kachiwiriko ndinawauza abwereze paja unati mawa lake linatha zaka zinayi. Amayi ako anandipempha shelefu ya kukhitchini chaka chimene iwe unabadwa. Matabwa ake akadali kuseri kwa shedi. Chimenecho sindikunena kuti ndikupeputsire. Unalakwa, ndipo kubisa kuja kunaposa kulakwako. Ukanandiuza mu Epulo, manda anayi aja ndikanayendabe, koma ndikanayenda ndikudziwa.

Tsamba la zithunzi usapange. Nkhope yawo ndili nayo pakhoma. Ndipo sindifuna kuti munthu adzagwade pamwala uja zaka zikubwerazi, ife tonse kulibe, n'kupeza mtsikana wina wa maluwa chifukwa pulogalamu yasinthanso.

Tsono imva chimene ndachita. Lolemba lapitalo ndinatenga mwala wonolera ndi chigubu cha madzi, n'kupita kwa amayi ako. Kumanda kulibe magetsi, ndiye makina anatsala. Ndinayamba ndi mpando uja woyamba, kenako mitengo iwiri yopendekeka, mpaka nambala yomaliza. Ndinazokota mozama, ukudziwa dzanja langa, ndiye zinanditengera masiku anayi, kupala pang'ono, kupuma kwambiri. Wokumba manda anabwera kudzandigwirira chigubu. Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinafufutepo chilembo changa. Ndinawauza amayi ako kuti pepani, ndikukuchotserani chitseko chimene sichilowa m'nyumba iliyonse.

Pamene panali mzere tsopano pali kachigwa kosalala, kokwana chikhatho. Dzina lawo lili bwinobwino pamwamba.

A Telala, apa mulembe bwino. Ndinati usabwere mpaka mzere wa pamwala wa amayi ako utayankhula. Mawu amenewo sindinabweze, ndipo sindibweza. Koma pamwala wa amayi ako palibe mzere. Amene akufuna kukuletsa pakhomo apite akaupeze kaye.

A Telala akuseka, akuti nkhalamba iyi ikanapita kusukulu ikanamasula akaidi onse. Akupukutanso m'maso, akuti ndi fumbi la pa shedi.

Za kudepoti usazinenenso. Ubwere ndi onse, ndipo usadikire tchuthi cha Disembala. Zimene a Telala anakulembera kumbuyo kwanga ndikuzidziwa, ndinaona kuti mizere yachuluka kuposa mawu anga. Sananame.

Pali ntchito ikukudikira. Mwala wanga ndinausema kale, waima kuseri kwa chitseko cha shedi, woyang'ana kukhoma kuti mlongo wako asauone. Dzina ndazokota, tsiku lobadwa ndazokota mongoyerekeza. Latsala tsiku linalo, ndipo limenelo mwini mwala sazokota. Sindifuna dzanja la mlendo. Manambala ndi asanu ndi atatu okha, koma iwe tchizulo unaigwira komaliza uli ndi zaka khumi, ndipo unadzikhoma chala. Ndikufuna milungu itatu kuti ndikuphunzitse pa zidutswa. Ndikuganiza kuti itatu ndili nayo. M'munsi mwake usadzalembepo kanthu.

Lamlungu timapitabe. A Telala foni amaisiya kunyumba. Ndimaika dzanja m'kachigwa kaja, mawu aja n'kuwanena ndekha. Kaseko ndiye kanapita.

Lole inyamuka kwanuko Lachisanu. Nyumba sinasamuke, ili pomwe unaisiya. Ukafika, ukung'unthe malaya panja.

Ndine bambo ako.